Nyimbo Imodzi, Mphindi 83: Oyimba Amene Akana Kuthamangitsa Maliro

Ng'oma yagunda kamodzi.

Kenaka zii.

Munthu ukhoza kupuma kawiri, kumeza malovu, kuyang'ana mnzako wapambali, isanagundenso.

Muno ndi m'kaholo kena ka pansi pa nyumba yakale mumzinda wa Birmingham ku England, Loweruka usiku. Kunja kukuwaza kamvula kozizira kolowa m'mafupa. Mkati mukununkha mowa wotayikira pansi ndi majekete achikopa onyowa. Pakhomo, pambali pa mtsikana woona matikiti, pali botolo lodzaza tizinthu tofewa tachikasu totsekera m'makutu. Aliyense akutapa tiwiri.

Wosatapa aphunzira msanga.

Pa siteji pali anthu atatu basi. Kumbuyo kwawo masipika asanjikizana kutsala pang'ono kugunda denga. Wa gitala akakhudza waya umodzi, phokoso lake silikudzera m'makutu ayi. Likudzera pansi, kukwera m'miyendo, n'kudzakhazikika m'chifuwa. Nsalu ya buluku ikunjenjemera yokha. Mowa uli m'kapu patebulo ukuchita timafunde.

Palibe akuvina.

Bambo wina wandevu zaimvi watsinzina, manja ali m'matumba, mutu ukugwa ndi kudzuka pang'onopang'ono. Mayi wina pafupi ndi khoma akupukuta m'maso ndi chala chachikulu, ndipo sakubisa. Woyimba akubangula za thupi lobwerera kudothi. Kotala ya ola yadutsa, nyimbo ikadali yoyamba yomwe ija.

Nyimbo zamtunduwu eni ake amazitcha doom metal. Zikasakanikirana ndi ukali wa punk, mawu n'kukhala okhakhala ngati munthu wameza mchenga, amati sludge. Zikayamba kusinthasintha kagundidwe ka ng'oma ndi kukoka nkhani imodzi kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza pachimbale, amawonjezerapo dzina loti progressive. Mayinawa asakusokonezeni. Zonsezi n'zapachibale: zimalemera, sizithamanga, ndipo kawirikawiri nkhani yake ndi imfa.

Pa wailesi simungazimve. Muulutsi wake uti angaike nyimbo yomwe nthawi ya nkhani ikukwana iyo ikadali koyambirira?

Komabe mu 2025 maso a dziko lonse anatembenukira mumzinda uno chifukwa cha anthu amene anayambitsa zonsezi.

Pa 5 July chaka chimenecho, anthu oposa 40,000 anadzaza bwalo la Villa Park, kwawo kwa timu ya Aston Villa, kudzaona gulu la Black Sabbath likuyimba komaliza. Ozzy Osbourne, amene matenda a Parkinson anali atamufoola miyendo, anayimba atakhala pampando wakuda wachifumu. Patangopita masiku 17 anamwalira, ali ndi zaka 76. Pa 30 July galimoto yonyamula thupi lake inadutsa mumsewu wa Broad Street, gulu la malipenga lili patsogolo kuliza nyimbo za Black Sabbath, ndipo inaima pamlatho umene mzindawu unautcha dzina la gululi. Maluwa anali mbwee.

Awa ndi anthu omwe zaka 50 zapitazo makolo ndi abusa ankati akuwononga ana.

Chiyambi chawo ndi ngozi ya pantchito.

Tony Iommi, wa gitala wa gululi, anali mnyamata wa zaka 17, wogwira ntchito m'fakitale yodula ndi kupinda malata. Tsikulo linali lake lomaliza, poti anali atatsanzika kale kuti akukayamba zoyimba. Woyendetsa makina ena sanabwere, ndiye anangoikapo iye, munthu wosawazolowera. Makinawo anamudula nsonga za zala ziwiri zapakati za dzanja lamanja.

Iommi ndi wamanzere. Dzanja lamanja ndi lomwe amakanikizira mawaya a gitala.

Kuchipatala anamuuza kuti za gitala aiwale. Koma kapitawo wake wa kufakitale anamubweretsera mbale ya Django Reinhardt, katswiri wa jazz amene ankaliza gitala ndi zala ziwiri dzanja lake litapsa ndi moto. Mnyamata uja anamvetsera, mtima n'kubwerera. Anatenga botolo lapulasitiki la sopo wotsukira mbale, analisungunula n'kuumba timipira tiwiri. Anatiboola ndi chitsulo chamoto kuti zala zodukazo zilowe, anatipala mpaka titakwana bwino, n'kumatapo tizidutswa ta chikopa cha jekete yakale kuti tisamaterereke pawaya.

Mawaya wamba ankamupweteka, ndiye anayamba kumangako opyapyala a banjo. Kenaka anawakhwefula. Waya wokhwefuka umalira motsika, mwabesi. Pofika pa chimbale cha Master of Reality mu 1971, gitala yake inali itatsika mawu kufika pomwe anzake a nthawi imeneyo sankafika.

Mnyamata ankangothawa ululu wa zala. Anapeza kulemera kumene magulu zikwizikwi akhala akukusakasaka mpaka lero.

Anzake atatu nawo anali ana a m'makwalala a Aston, dera la mafakitale lomwe linali likadali ndi mabwinja a mabomba a nkhondo yachiwiri. Ozzy anagwirapo ntchito kophera ng'ombe, ndipo anakhalako m'ndende milungu ingapo chifukwa chothyola sitolo. Geezer Butler, wa besi, amene ankalemba mawu a nyimbo zambiri, anakulira m'banja la Chikatolika. Pamene achinyamata a ku California ankayimba za maluwa ndi chikondi, iwo akasuzumira pawindo ankangoona utsi.

Dzina analitenga ku filimu yoopsa ya 1963 momwe munali Boris Karloff, atazindikira kuti anthu amalipira ndalama kuti akaopsezedwe. Chimbale chawo choyamba chinatuluka Lachisanu pa 13 February 1970. Chimayamba ndi mvula, bingu ndi belu la tchalitchi, kenaka mawu atatu a gitala obwerezabwereza. M'chaka chomwecho anayimba za akuluakulu otumiza ana a eni kunkhondo, za mabomba a nyukiliya, ndi za asilikali obwerera ku Vietnam atagwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Metal yambiri itatha apo inasankha liwiro. Kagulu kochepa kanatsalira m'mbuyo mwadala.

Ku America kunali Pentagram, Saint Vitus ndi Trouble. Ku Sweden gulu la Candlemass linatulutsa Epicus Doomicus Metallicus mu 1986. Kumpoto kwa England, m'matauni momwe mafakitale a nsalu anali kutsekedwa, kunabadwa Paradise Lost ku Halifax ndi My Dying Bride ku Bradford, ndipo achiwiriwa anabweretsamo vayolini. Ku Finland, dziko lomwe m'nyengo yozizira dzuwa limangosuzumira, Thergothon ndi Skepticism anachepetsanso liwiro kufika pa mayendedwe a anthu onyamula bokosi. Skepticism inawonjezera limba lolira ngati la m'tchalitchi. Nthambi imeneyi amaitcha funeral doom.

Sludge ndi ya kotentha.

Mbewu yake inachokera ku magulu awiri a kumadzulo kwa America, Black Flag, imene mu 1984 inakwiyitsa oitsatira podzaza mbali yachiwiri ya mbale ya My War ndi nyimbo zitatu zokwawa, ndi Melvins. Koma kumene inamera n'kubala ndi ku New Orleans, mzinda wa m'madambo kumene manda ambiri amawamanga pamwamba pa nthaka chifukwa ukakumba pang'ono madzi atuluka. Kumeneko maliro ali ndi mwambo wake wakale wa anthu akuda: popita kumanda malipenga amalira mwachisoni, pang'onopang'ono, pobwerako n'kusanduka dansi.

Anyamata a Eyehategod ndi Crowbar anakulira mumzinda umenewo, pakati pa umphawi, mowa ndi heroin, makutu atadzaza blues. Nyimbo zawo sizinena za mafumu akale kapena ziwanda. Zimanena za munthu amene wadzuka m'mawa thupi likufuna jakisoni, m'thumba mulibe kanthu.

Imfa sankachita kuiwerenga m'mabuku. Mu 1997 Audie Pitre, wa besi m'gulu la Acid Bath, anafa pamodzi ndi makolo ake galimoto yawo itawombedwa ndi dalaivala woledzera, ndipo gululo linathera pomwepo kwa zaka zambiri. Mu August 2005 namondwe wa Katrina anamiza mbali yaikulu ya mzindawu n'kupha anthu oposa 1,000. Mike Williams, woyimba wa Eyehategod, anapulumuka madzi koma anakathera m'chitokosi kwa miyezi itatu pa mlandu wa mankhwala, ndipo ndi mommo momwe anasiyira heroin. Wa ng'oma wawo, Joey LaCaze, anamwalira mu 2013. Williams yemweyo anamuika chiwindi china mu 2016.

Kumvetsera zimbale zawo si kosangalatsa. Sanazipange kuti zisangalatse.

Amene anatenga ukali umenewu n'kuupatsa mapiko ndi a Neurosis a ku Oakland. Anayamba mu 1985 ngati gulu la punk lothamanga, koma pofika pa Through Silver in Blood mu 1996 nyimbo zawo zinali zitatalika, ng'oma zambiri zikugunda pamodzi, phokoso likukwera pang'onopang'ono kwa mphindi khumi lisanaphulike. Ana ambiri anaphunzira kwa iwo. Mwa anawo, amene anafika patali kuposa onse ndi a Mastodon.

Gululi linayamba mu 2000 ku Atlanta. Brann Dailor wa ng'oma ndi Bill Kelliher wa gitala anali atangosamukira kumeneko kuchokera kumpoto, ndipo anakumana ndi Troy Sanders ndi Brent Hinds kumalo ena oyimbirako. Anayi amenewa anakhala limodzi zaka 25. Ukasanja zimbale zawo patebulo, uli ngati ukuwerenga kaundula wa maliro a m'mabanja mwawo.

Mlongo wake wa Dailor, dzina lake Skye, anadzipha ali ndi zaka 14, Dailor ali mnyamata wa zaka 15. Anakhala nazo mumtima pafupifupi zaka 20. Mu 2009 ndi pomwe dzina la mlongoyo linaonekera pa chimbale cha Crack the Skye.

Koma sanaifotokoze nkhaniyo molunjika. Anaikulunga m'nthano yodabwitsa: mnyamata wolumala amene mzimu wake umatuluka m'thupi n'kumayendayenda m'mlengalenga, tsiku lina wayandikira dzuwa, chingwe chomulumikiza ndi thupi lake chapsa, wasochera, ndipo akukapezeka ku Russia m'masiku a mafumu, m'thupi la Rasputin. Nyimbo yomaliza pachimbalepo imatenga mphindi 13, ndipo imasintha mayendedwe kangapo konse moti womvera woyamba amataya phazi. Wina akhoza kuseka nthanoyo. Koma chotsani Rasputin ndi Russia, chotsala ndi mwana amene wachoka m'thupi lake ndipo sakupeza njira yobwerera kwawo. Ndi mchimwene wa mwanayo amene akuliza ng'oma.

Nyimbo zambiri za chimbalecho anazipeka Hinds akuchira bala lalikulu la m'mutu lomwe analipeza pa ndewu ku Las Vegas mu 2007.

Chimbale chotsatira, The Hunter cha 2011, chinali cha mchimwene wake wa Hinds, amene anamwalira ndi vuto la mtima ali kosaka nyama. Pofika 2017 khansa inali italowa m'makomo atatu: mkazi wa Sanders anali kulimbana ndi khansa ya m'mawere, mayi ake a Dailor anali pa mankhwala, ndipo mayi ake a Kelliher anamwalira ndi chotupa cha mu ubongo. Apo ndi pamene panachokera Emperor of Sand, nthano ya munthu amene mfumu yamugamula kuti aphedwe, ndipo akuthawa m'chipululu nthawi ikumuthera. Aliyense amene anakhalapo pabenchi la chipatala kudikira dokotala kuti anene zotsatira amamudziwa munthu ameneyo. Nyimbo yoyamba pachimbalecho inawapatsa mphoto ya Grammy mu 2018.

Chaka chomwecho manijala wawo, Nick John, anamwalira ndi khansa ya kapamba. Mu 2021 anamulira ndi Hushed and Grim, zimbale ziwiri m'chikuto chimodzi.

Mastodon amalira mothamanga, ng'oma zili piringupiringu. Pali ena amene amalira ataima chilili, ndipo palibe anafika pamene anafika a Bell Witch.

Ndi anthu awiri okha, a ku Seattle. Gitala alibe. Dylan Desmond amaliza besi ya mawaya ambiri ndi manja onse awiri pakhosi pake, dzanja lina likugunda mawu otsika, lina likuyendetsa nyimbo pamwamba, moti ukatsinzina umayesa ndi anthu atatu. Anayambitsa gululi mu 2010 ndi mnzake Adrian Guerra, amene ankaliza ng'oma ndi kubangula. Anatulutsa zimbale ziwiri. Kenaka Guerra anachoka, m'malo mwake n'kulowa Jesse Shreibman.

Mu May 2016, Desmond ndi Shreibman ali mkati mopeka chimbale chachitatu, uthenga unafika woti Guerra wamwalira. Anali ndi zaka 36.

Chimbalecho chinatuluka mu October 2017. Dzina lake ndi Mirror Reaper, ndipo muli nyimbo imodzi yokha ya mphindi 83.

CD imodzi siyingakwane utali umenewo, ndiye anachita kuidula pawiri. Pa mbale zakuda zija anaidula panayi. Pa intaneti, kumene makampani amalipira woyimba malinga ndi kuchuluka kwa maulendo amene nyimbo yaseweredwa, nyimbo ya mphindi 83 imawerengedwa kamodzi, chimodzimodzi ya mphindi zitatu. Aliyense wodziwa malonda akanawaletsa.

Imayamba ndi besi yokha, mawu ochepa, ofewa, otalikirana. Pamapita mphindi zingapo ng'oma isanalowe. Ikalowa, kugunda kulikonse kumadikira kuti kwam'mbuyo kuzimiririke kaye. Shreibman, manja ali pa ng'oma, amapondanso limba ndi phazi. Kwa theka la ola ndi kupitirira, nyimboyo imakwera, kutsika, kukweranso, osafulumira ngakhale pang'ono.

Ndiye chapakatikati pamamveka mawu a munthu wachitatu.

Ndi Guerra.

Pojambula chimbale chawo cha 2015, Four Phantoms, panatsala mawu ake ena amene sanawagwiritse ntchito. Anzakewo anawafukula n'kuwaika pamalo pamene nyimboyo imatembenukira, kotero kuti womwalirayo ndi amoyo akuyimba pamodzi kwa kamphindi. Akangotha, phokoso lonse limagwa. Chotsala ndi besi yofewa ndi mawu opyapyala a mnzawo wina, Erik Moggridge, kwa nthawi yaitali kwambiri moti womvera amayamba kumva kupuma kwake komwe.

Ine ndimaona kuti utali umenewu si matama. Chisoni sichitha m'mphindi zitatu, ndipo nyimbo yomwe yatha m'mphindi zitatu imamunamiza wofedwa kuti nayenso afulumire. Awiriwa anakana. Wofuna kumva mawu a Guerra ayenera kuyamba wakhala pansi n'kudikira mphindi zoposa 40.

Ena anaiona imfa ndi maso n'kubwerera. Mu August 2012 basi ya gulu la Baroness inaduka mabuleki pafupi ndi mzinda wa Bath kuno ku England n'kugwera kuphompho kwa mamita pafupifupi 9. Palibe anafa, koma John Baizley anathyoka mkono ndi mwendo, ndipo anzake awiri anathyoka mafupa a msana n'kusiya gululo. Chimbale cha Purple cha 2015 chinabadwa m'mausiku osagona ndi mankhwala opha ululu. Mike Scheidt wa gulu la YOB ku Oregon anatsala pang'ono kufa mu 2017 matumbo atatupa n'kuboola. Gitala anaiitanitsa ali pabedi la chipatala. Our Raw Heart, chomwe chinatuluka chaka chotsatira, chili ndi malo ena owala moti umaiwala kuti ndi doom.

Ku Finland, Juha Raivio wa Swallow the Sun anataya bwenzi lake, woyimba Aleah Stanbridge wobadwira ku South Africa, amene khansa inamutenga mu 2016 ali ndi zaka 39. Raivio anamaliza ndi kutulutsa chimbale chomwe ankapanga limodzi, mawu a malemuyo ali momwemo.

Tsopano funso lomwe owerenga ambiri akhala nalo kuyambira pamwamba paja: kodi si zausatana zimenezi?

Funsoli si lachilendo. Malaya akuda ojambulidwa zigaza, olembedwa mayina osawerengeka bwino, amapezeka pakaunjika ku Limbe ndi ku Lilongwe, ndipo alipo makolo amene amawabweza mwana akabwera nawo pakhomo. Kunena zoona, m'metal muli magulu amene amanyoza chipembedzo poyera, ndipo dzina la Eyehategod palokha ndi chipongwe chadala. Amene sangazipirire ali ndi ufulu wotseka makutu.

Koma nkhani yonse si imeneyo. Iommi wakhala akuvala mtanda pakhosi moyo wake wonse wa pasiteji. Nyimbo yoyamba ija ya Black Sabbath ndi ya munthu amene waona mdierekezi ndipo akuthawa, akufuulira Mulungu. Pa Master of Reality pali nyimbo ya After Forever, imene Butler anailemba modzudzula anthu onyoza chikhulupiriro. Chimbale choyamba cha Trouble, cha 1984, chimadziwika ndi dzina la Salimo 9. Scheidt amawerenga kwambiri za Chibuda. Ambiri mwa oyimbawa sakupembedza mdima. Akuuopa, ndipo akufunsa mafunso omwewo a m'buku la Yobu ndi la Mlaliki, kungoti akuwafunsira pa masipika.

Kuweruza munthu ndi malaya kunapwetekapo anthu. Mu 1993 ana atatu anaphedwa ku West Memphis m'boma la Arkansas. Anyamata atatu anamangidwa, ndipo zovala zakuda ndi nyimbo za metal zinatchulidwa m'khoti ngati zizindikiro za usatana. Mmodzi anagamulidwa kuti aphedwe. Anatuluka mu 2011, atakhala m'ndende zaka 18, umboni wa DNA utalephera kuwalumikiza ndi imfazo.

Ofufuza nawo anayesapo kuona chomwe phokosoli limachita m'thupi. Mu 2015 Leah Sharman ndi Genevieve Dingle a pa University of Queensland ku Australia anatenga anthu 39 okonda nyimbo zaukali, anawakumbutsa zinthu zowakwiyitsa, kenaka ena anawapatsa mphindi 10 zomvera nyimbo zawo, ena anawakhazika chete. Omvera nyimbowo mkwiyo sunakwere. Unatsika, ndipo anatuluka ali ndi mphamvu. Anthu 39 ndi ochepa, ndipo onse anali okonda kale nyimbozo, choncho tisathamangire kunena kuti ndi mankhwala. Chomwe chinaoneka n'chakuti mwini nyimbo sizimupengetsa.

Ife Amalawi izi siziyenera kutidabwitsa kwenikweni. Kwathu maliro sathamangitsidwa. Uthenga ukamveka, masamba aikidwa pamsewu, anthu asonkhana pasiwa, amayi m'nyumba pafupi ndi anamfedwa, abambo panja pamoto. Nyimbo zimayimbidwa usiku wonse, imodzi kuibwereza mpaka mawu kusasa, ndipo palibe amafunsa kuti itha nthawi yanji. Wolira amalira mokweza, palibe womuyang'ana ngati wapenga.

Kuno n'kwina. Thupi limakhala kwa akampani osunga maliro milungu iwiri kapena itatu, aliyense ali kuntchito. Maliro ambiri, pafupifupi anayi mwa asanu alionse, amawotchedwa, ndipo kumalo owotcherako mwambo amaupatsa mphindi 30 kapena 45 chifukwa banja lina likudikira panja. Munthu misozi ikagwa amapepesa. Amalawi okhala kuno amazidziwa bwino izi, n'chifukwa chake amasonkherana ndalama zochuluka kuti thupi la mnzawo likwere ndege, akaliridwe kumudzi.

Nanga mnyamata wa ku Halifax kapena ku Seattle amene bambo ake amwalira, kutchalitchi anasiya kalekale, abale ali kutali, akalirira kuti?

Ambiri apeza siwa yawo m'timaholo tamdima ngati kaja. Siyokwanira. Kukacha palibe akuphikire phala, palibe akhale nawe mpaka tsiku lometa. Koma kwa maola awiri uli pakati pa anthu amene sakukuuza kuti limba mtima.

Tisawayeretse mopitirira. Nyimbo zonena za ululu sizisandutsa munthu kukhala wabwino. Mu August 2022 Scott Kelly wa Neurosis, yemwe mawu ake akumveka pa nyimbo ya Mastodon yolira Skye ija, anavomera poyera kuti kwa zaka zambiri wakhala akuzunza mkazi wake ndi ana ake. Anzake a m'gululo ananena kuti anasiyana naye kale mu 2019 atadziwa za nkhanzazo, ndipo anakhala chete polemekeza pempho la mkaziyo. Anthu amene anachira mitima ndi mawu a bambo ameneyu anatsala ndi zimbale m'manja, osadziwa pozisiya. Heroin ndi mowa nazo zatenga anthu ambiri m'gulu la oyimbawa, ndipo zina mwa nyimbo za ku New Orleans zimakometsera zomwezo zimene zikuwapha. Palinso magulu ambirimbiri amene anangophunzira kukhwefula mawaya ndi kujambula zigaza, chonena alibe. Nyimbo ya mphindi 20 yopanda kanthu ndi chilango.

Pa tsiku lija la ku Villa Park, gulu loyamba kukwera siteji linali Mastodon. Brent Hinds panalibe.

Anali atachoka m'gululo mu March 2025. Chikalata cha gulu chinati asiyana mogwirizana. Hinds sanachedwe kutsutsa. Pa masamba a mchezo analemba mawu owawa onena anzakewo, ndipo anati anachita kumuchotsa. Otsatira gululi anagawanika, ena akuti nthawi idzawayanjanitsa monga zimakhalira ndi magulu ambiri.

Usiku wa pa 20 August 2025 njinga yake yamoto ya Harley-Davidson inawombana ndi galimoto pamphambano ina ku Atlanta. Anafera pomwepo, ali ndi zaka 51.

Patapita masiku awiri anzake aja anali ndi dansi yomwe anapangana kale ku Alaska, ndipo anakayimba. Kumapeto Dailor anachoka pa ng'oma n'kubwera kutsogolo, nauza anthu kuti pa zaka 25 panali zokoma ndi zowawa, koma ankamukonda mbale wawoyo.

Maliro a mlongo, a mchimwene, a mayi ndi a manijala anawalira ali anayi. Awa akuwalira atatu, ndipo malemuyo anachoka atakwiya nawo.